Ndinalipira K35,000 kuti CV yanga "idutse ATS", nazi zimene ndinagula

Dzina la anyamata amene anandikonzera CV sinditchula, osati kuti ndikuwabisa ayi, koma alipo ambirimbiri pa Facebook ndi pa ma status a WhatsApp amene akugulitsa katundu yemweyu ndi mawu omwewa akuti "ATS friendly CV", ATS kukhala makina a pa kompyuta amene olemba ntchito amalandirira ndi kusefera ma CV, ndiye zimene ndinakumana nazo ine mwina mukakumana nazo kwa wina aliyense wa iwo.

Ine ntchito yanga ndi ya M&E, kutanthauza Monitoring and Evaluation, kulondola ndi kuunika mmene project ikuyendera, ndagwira zaka 7 m'ma project a zaumoyo, ndinayambira ku Dedza kenako kuno ku Lilongwe. Project yathu inatsekedwa mu 2025 muja thandizo lakunja linaduka lija, tinabwerera kumakomo tili chigulu, ndipo kuyambira pamenepo ntchito yanga inasanduka kufuna ntchito basi. Kudzuka, kugula bandulo, kuapulaya, kudikira, kugona. Miyezi 5 ndinaponya ma application osachepera 40 ndipo palibe ndi mmodzi yemwe anandiimbira, ngakhale wolakwitsa nambala. Chimene chinandipweteka kwambiri ndi imelo ina yondikana imene inalowa 2 koloko usiku, ine nditatumiza application cha m'ma 11 usiku womwewo. Ndinangokhala pabedi n'kumadzifunsa kuti HR wake uti amene sagona, wawerenga masamba anga 5 usiku umenewu n'kuona kuti sindikuyenera?

Ndiye ad ya anyamata a ma CV aja itandipeza inandipeza ndili wofewa kale. Inalembedwa kuti 75% ya ma CV sawerengedwa ndi munthu, amatayidwa ndi roboti, bwerani tikukonzereni. Ndinati eya, ndi chimenechi chikundilodza.

Ndinawalembera pa WhatsApp, anayankha pasanathe mphindi 10, aulemu kwambiri, chilichonse "akulu, akulu". Mitengo inali itatu, CV yokha K25,000, CV ndi kalata K35,000, ndipo ya K60,000 amakukonzeranso LinkedIn. Ndinatenga yapakatiyo, kulipira pa Airtel Money, theka poyamba theka akamaliza, zimenezi ndinazikonda chifukwa ena amafuna yonse kaye kenako n'kukubuloka. Anati nditumize CV yakale ndi ma vakansi awiri amene ndikuwafuna. Anandilonjeza maola 48. Inabwera tsiku lachisanu, nditatumiza kale ma "mwaswera bwanji achimwene" anayi, chifukwa chake akuti magetsi. Chabwino, tonse tili m'dziko lomweli, koma vakansi imodzi mwa iwiri ija inali itatseka kale.

Tsono CV yanga yakale ndikuuzeni mmene inalili mundiseke bwinobwino. Masamba 5. Pamwamba chithunzi changa nditavala suti ya paukwati wa mng'ono wanga. Kenako tebulo la Personal Details lokhala ndi tsiku lobadwa, boma lochokera, T/A, mudzi, mpingo, kuti ndili pabanja ndi ana awiri, mmene tinaphunzirira kulemba kuyambira kale nthawi ya ma envulopu a khaki. Ndiye mu 2023 ndinaipititsa patsogolo, ndinatenga template ina yokongola ya pa intaneti ya mizati iwiri, kumanzere kwa buluu kuli ma skills ndi timizere tosonyeza kuti SPSS ndimaidziwa mpaka apa, Excel mpaka apa, foni ndi imelo ndinaziika mu header ndi tizithunzi ta kafoni ndi kaenvulopu. Ndinkaiona ngati shasha ya ma CV onse.

Chinthu choyamba chimene mnyamatayo anachita, ndipo pa ichi chokha ndikuti K35,000 sinapite m'madzi yonse, anandiimbira n'kunena kuti "akulu tsegulani PDF yanuyo, pangani select all, mukope, mukapeste mu Notepad, mundiuze mukuona chani". Ndinachita. Amayo. Mizati iwiri ija inasakanikirana, mzere umodzi ukuti Data Officer 2018 kenako pomwepo Chichewa fluent kenako dzina la bungwe, timizere ta ma skills tija tinasowa tonse poti ndi zithunzi, dzina langa linapezeka pakati penipeni pa tsamba. Iye anati mmene mukuonera apomu ndi pafupifupi mmene makina ena amaionera akamaiwerenga. Si kuti Notepad ndi ATS ayi, koma ndi mayeso aulere amene aliyense angachite pompano, ndipo akanandiuza zimenezi ndisanalipire mwina sindikanalipira kkkk.

CV yatsopano inabwera ya masamba awiri, mzati umodzi, yopanda chithunzi, yopanda tebulo, yopanda mtundu, yosasangalatsa m'maso ngati risiti ya ku chigayo. Mitu yake ya masiku onse, Work Experience, Education, Skills, osati "My Journey" imene ndinali nayo ine. Madeti onse kalembedwe kamodzi, mwezi ndi chaka. Foni ndi imelo anazichotsa mu header n'kuziika m'thupi la tsamba. Anandipatsa iwiri, ya Word ndi ya PDF. Ndipo kusiyana ndinakuona ndi maso tsiku lomwelo, amene munaapulayapo pa ma portal aja mukudziwa kuti ukakweza CV imadzaza yokha mabokosi, kale inkandidzazira zamisala, sukulu kukhala olemba ntchito, MSCE kukhala udindo, ndinkatha ola lathunthu kukonza bandulo ikutha. Ndi yatsopanoyi mabokosi ambiri anadzaza molondola, ndinangokonza awiri atatu.

Chachiwiri chabwino ndi mawu. Ine paliponse ndinkangolemba M&E poti aliyense wa kuntchito kwathu amadziwa, iye analemba Monitoring and Evaluation kamodzi mokwanira kenako M&E, kuti amene akusaka ndi mawu aliwonse mwa awiriwa andipeze. Pomwe ndinalemba kuti ndinkatolera data pa ma tabuleti anandifunsa kuti ndi chani kwenikweni, ndinati mapulogalamu a KoboToolbox ndi ODK, malipoti kudzera mu DHIS2, anati ndiye bwanji simunazitchule pomwe vakansi ikuzitchula ndi mayina? Ndinasowa choyankha. Zaka zonsezi ndimabisa ndekha zimene ndimadziwa. Anandikakamizanso kuika manambala, zipatala zingati, ma enumerator (otolera data) angati amene ndinawaphunzitsa, m'malo mwa "responsible for" amene anali pa mzere uliwonse ngati korasi.

Apa ndiye zabwino zathera, tiyeni kwina.

Anatumiza CV ija pamodzi ndi screenshot yolembedwa 92% match, n'kulemba kuti "akulu apa ndiye roboti yagonja". Ndinasangalala osanama, mpaka ndinawaonetsa madam. Loweruka lake tinali ku chinkhoswe ku Area 25 ndinakumana ndi alamu anga amene ali mu HR ku bungwe lina lakunja, ndinawaonetsa 92 ija ndikuyembekeza kuti andiyamikira, anangoseka mpaka kutsamwa ndi Fanta. Anati "alamu, nambala imeneyi ine pa kompyuta yanga sindiiona, imeneyi ndi ya webusaiti imene mnyamata wanuyo wagwiritsa ntchito". Ndipo ndi zoona, pali ma sayiti ngati Jobscan amene umaikapo CV ndi vakansi n'kukuwerengera kuti mawu angati akufanana, ndi othandiza kuona zimene waiwala, koma si makina a olemba ntchito, bungwe lililonse lili ndi ake ndipo linawatchera mwa njira yake.

Mmene anandifotokozera alamuwo, ATS kwenikweni ndi kabati ya mafayilo. Kale ma envulopu ankaunjikana mu katoni ku reception, pano amaunjikana mu Workday, kapena Taleo imene Oracle inagula mu 2012, kapena SuccessFactors ya SAP, Greenhouse, iCIMS, a UN Secretariat ali ndi yawo Inspira. Mukayang'ana link ya vakansi nthawi zambiri dzina limaonekera pomwepo, mwachitsanzo myworkdayjobs. Ntchito yake ndi kulandira, kusanja, kusunga, kutumiza ma imelo. A HR akalandira anthu mazana pa malo amodzi sangatsegule onse mofatsa, ndiye amasefa, mwina kulemba mawu ngati DHIS2 n'kuona amene atuluke, mwina kuyambira pamwamba mpaka atapeza okwanira shortlist, otsalawo amalandira imelo ija ya "we regret" podina batani limodzi. Ndiye CV yako ikawerengedwa molakwika kapena mawuwo mulibe, palibe roboti imene yakuda, wangokhala pansi pa katoni basi.

Nanga ya 2 koloko usiku ija? Anandifunsa kuti pa fomu panali mafunso a Yes ndi No? Ndinati eya. Anati munayankha chani pa la Masters? Ndinati No poti ndilibe. Anati basi ndi pamenepo, mafunso amenewo ndi amene amadula munthu okha popanda wina kuona, digiri, zaka zogwira ntchito, chilolezo chogwira ntchito m'dziko limenelo, nthawi zina laisensi yoyendetsa galimoto. CV yanu ikanakhala ya golide sikanatsegulidwa. Ndiye taonani, chinthu chimene chinandithamangitsira kukalipira K35,000 sichinali vuto la CV n'komwe, ndipo anyamata aja za mafunso amenewa sanandiuzepo kanthu, mwina poti palibe chogulitsa pamenepo. Achibale amene muli ku UK mukulidziwa bwino funso lake lija la sponsorship, lofunsa ngati mukufunika kuti kampani ikuthandizeni kupeza visa, ndi mpeni womwewo.

Za 75% zija ndinazifufuza pambuyo pake poti zinkandivutitsa. Nambala imeneyi imazungulira paliponse koma amene anailondola amaipeza ikuchokera ku kampani ina ya ku America yotchedwa Preptel imene inkagulitsa ntchito yothandiza anthu kudutsa ma ATS omwewa, inatsekedwa mu 2013, ndipo kafukufuku wake sanaonetsedwe. Ndiye ndi nambala ya wogulitsa, ikugwiritsidwabe ntchito ndi ogulitsa, ine n'kugula.

Koma chimene chinandikwiyitsa zenizeni ndi ichi. Nditabwerera kunyumba ndinati ndiyese mayeso a Notepad aja pa CV yatsopanoyi. Pansi penipeni, pomwe pa tsamba pakuoneka poyera, panatuluka ndime yathunthu ya mawu, vakansi ija anaikopa pafupifupi yonse n'kuipesta ndi zilembo zoyera ting'onoting'ono kuti maso asaone. Ndi mmene 92 inabwerera. Ndinawatumizira alamu, anayankha ndi voice note akuti "chotsani msanga zimenezo, makina akawerenga amachotsa mitundu yonse, ine ndimaziona zili bwalabwala, ndipo ndikaona zimenezi munthuyo ndimamuika pambali poti wayamba kale kundinamiza asanalowe pa geti". Tangoganizani ndinali nditatumiza kale malo atatu ndi CV imeneyi, ndipo dziko lathuli ndi laling'ono, a HR a ma NGO amadziwana, amakumana m'ma workshop ku Salima ndi ku Mangochi.

Si zokhazo. Pa Skills anandiikira zida za pa kompyuta za Power BI ndi Python. Power BI ndinaitsegulapo kawiri, Python sindinaigwirepo chibadwire. Nditamufunsa anati "akulu zimenezo ndi zongodutsira, mukaphunzira pa YouTube akakuitanani". Aaa ayi achimwene, ntchito zathuzi amakupatsa laputopu pa intavyu n'kuti nayi data tipangireni dashboard mu mphindi 45, ndikanakaima pati? Ndinazichotsa. Ndipo kachiyambi ka pamwamba kaja kanali ka "results-driven", "dynamic", "spearheaded", Chizungu choti ukachiwerenga umadziwiratu kuti chatuluka mu ChatGPT osachapidwa, ine sindiyankhula choncho ndipo ndikukhulupirira kuti anthu ena 50 amene anawalembera mwezi umenewo onse ndi ma results-driven okhaokha. Kalata ija ndiye musanene, anaiwala kusintha dzina la udindo pa ndime yachitatu, inali ikunena za Procurement Officer, ya kasitomala wina.

Kuti ndisawalakwire, nditadandaula sanakane kapena kundibuloka, anapepesa, zilembo zoyera anachotsa, kalata anakonza tsiku lomwelo. Anati makasitomala ambiri amafuna kuona nambala yaikulu apo ayi salipira theka lotsala. Ndinamumvetsa pang'ono, geni ndi geni, koma amene akapsa ndi ine osati iye.

Sindikunena kuti mantha a makinawa ndi abodza onse ayi. Mu 2021 a Harvard Business School pamodzi ndi Accenture anatulutsa lipoti la anthu amene anawatcha hidden workers, anawerengera kuti ku America kokha alipo oposa 27 miliyoni, anthu oti ntchito angaigwire koma masefa amawataya, ndipo 88% ya olemba ntchito amene anafunsidwa anavomera okha kuti anthu aluso amatayika chifukwa sakufanana ndendende ndi zimene zinalembedwa mu vakansi. Chimene chinandigunda mtima n'chakuti pafupifupi theka amasefa anthu amene akhala miyezi yoposa 6 osagwira ntchito, ine pano ndadutsa kale pamenepo osati mwa kufuna kwanga. Mu 2018 Reuters inalemba kuti Amazon inasiya pulogalamu yake yoyesera kusankha ma CV itaona kuti ikutsitsa amene ali ndi mawu akuti women's, poti inaphunzira pa ma CV akale amene ambiri anali a amuna. Ndipo ku California kuli mlandu umene bambo wina Derek Mobley anasumira Workday mu 2023, akuti makina ake anamusala chifukwa cha mtundu wa khungu lake, zaka ndi ulumali atakanidwa malo oposa 100, kampaniyo ikukana. Mzinda wa New York unayamba mu 2023 kukakamiza kuti zida zotere ziziunikidwa ngati zilibe tsankho. Ndiye nkhani ilipo ndithu, ndipo AI ikulowa kwambiri m'makinawa, kungoti mankhwala ake si zilembo zoyera za mnyamata wa pa WhatsApp.

Pa mpata wa miyezi uja anandithandizako bwino, ndisaiwale. Anandifunsa ngati chichokereni ntchito ndangokhala, ndinati ndinachitako tima ganyu tiwiri tophunzitsa ma enumerator ndi kuyeretsa data ya ka survey kena, ndinkaona ngati n'zochititsa manyazi kuzilemba, iye anaziika ngati Independent Consultant ndi madeti ake enieni. Limeneli si bodza, ndinagwiradi ndipo anandilipira.

China chimene muyenera kudziwa musanataye ndalama, kuno kwathu si malo onse ali ndi ATS. Ma vakansi ambiri a mu Nation ndi Daily Times akadali a "tumizani ku P.O. Box" kapena imelo imene amatsegula munthu ndi manja, aboma ndiye ndi makope a masatifiketi ndi kalata basi. Kumeneko CV yoonda ija ikhoza kukupweteka, chifukwa anyamatawa anandichotsera ma referee onse akuti kunja sayika, pomwe ma vakansi athu amalemba poyera kuti three traceable referees, ukapanda kuika watuluka pa chifukwa chopusa. Ndiye pano ndili ndi ma CV awiri, ya pa portal ndi ya kwathu kuno yokhala ndi ma referee, ngakhale T/A ndi mpingo sindinazibwezere, zimenezo zinapita ndithu. Ngati mukufuna ntchito ku sitolo ya mwenye ku Area 2 kapena uphunzitsi pa pulaiveti ya m'dera lanu, K35,000 imeneyo gulirani thumba la ufa.

Komanso CV imodzi siikwana malo onse, ichi sanandiuze poti akanandiuza ndikanafunsa kuti ndiye ndizilipira kangati. Vakansi iliyonse ndimakhala nayo pansi mphindi 20, kuwerenga, kuona mawu amene akubwerezedwa, ngati akuti MEAL (dzina lina la ntchito yonga yathuyi) ine ndalemba M&E ndimasintha bola zikhale zimene ndinachitadi, kusuntha mizere yofunika ikwere pamwamba. N'zotopetsa koma ndachepetsa, m'malo moponya 10 pa sabata ndimaponya 3 kapena 4 zimene ndikukwanira pa mafunso a Yes ndi No aja, zofuna Masters ndinasiya kudzivutitsa nazo.

Zotsatira? Chikonzereni ndaponya 14, andiitana ma intavyu awiri, imodzi pa Teams netiweki ikudukaduka, ina maso ndi maso ku City Centre. Ntchito sindinaipezebe. Kunena kuti ndi CV yatsopano yachititsa sindinganene motsimikiza, chifukwa pa imodzi mwa ziwirizo bwana wanga wakale anandiuza yekha kuti anatchulako dzina langa kwa anthu akumeneko, ndipo nthawi yomweyo ndi imene ndinasiya kuponya mwachisawawa. Koma kuchoka pa 0 mwa 40 kufika pa 2 mwa 14 mtima umakhalako m'malo.

Nyenyezi ndikuwapatsa 3 mwa 5. Ziwiri za kukonza maonekedwe ndi kundifukula zimene ndinkabisa, imodzi ya ulemu ndi kuvomera kulakwa. Ziwiri zimene ndawamana ndi za zilembo zoyera, Python, Procurement Officer ndi masiku asanu aja. Mukafuna kupita kwa anthu otere auzeni poyambirira kuti musandiikire chimene sindidziwa, musabise mawu, mundipatse ya Word kuti ndizisintha ndekha, ndipo ikabwera ipesteni mu Notepad musanamalize kulipira. Amene akulonjeza kuti "interview guaranteed" mufunseni kuti akapanda kukuitanani abweza zingati.

Dzulo mnyamata uja wanditumizira meseji kuti pali promotion ya LinkedIn K20,000 yokha mpaka Lachisanu, ndipo akupempha ngati angaike screenshot ya 92% ija pa status yake ngati umboni. Ndamuuza kuti ayi, aike ya Notepad.